A Thole Sankamangira Munthu Wosamuka

Loweruka lapitali tinaika mwala pamanda a apongozi anga aamuna, a Thole a kuno ku Engutwini. Chaka chakwana chiwagonekereni. Oyankhula anayankhula, ndipo sananame. Anati anali munthu wosaba, wosamwa mowa woiwalitsa njira, wosunga ng'ombe za makolo ake. Koma mpaka tinabalalika palibe anatchula nkhunda. Ine ndine mkamwana, mkazi wa mwana wawo, ndipo mkamwana saimirira pamanda kuti ayankhule. Ndinakhala kumbuyo ndi amayi anzanga, mawu anga ndili nawo mumtima. Ndiye ndati ndiwalembe pano, Mulungu andithandize, kuti ana anga Temwa ndi Wongani adziwe chimene agogo awo anatichitira.

A Thole anali mmisiri wa makola a nkhunda. Ufumu analibe, ukulu wa mpingo analibe. Koma kuchokera kuno mpaka ku Jenda, ndi mbali iyi yopita ku Boma la Mzimba, ukaona khola lalitali kuposa munthu wokweza mkono, denga lake losongoka, khomo lililonse lili ndi kakhonde kake kotererapo mbalame, umangodziwa kuti pamenepo panadutsa a Thole. Anali aafupi, miyendo yokhota pang'ono, chala chachikulu cha kumanzere chopanda chikhadabo chifukwa sompho inachidya ali mnyamata. M'thumba la jekete simunkasowa zinthu ziwiri: kabotolo ka fodya wa m'mphuno ndi mawere odzaza dzanja.

Kwathu ine ndi ku Dowa. Kwathunso apongozi timawaopa, koma za kuno ndinazipeza zina. Mkamwana sayankhulana ndi apongozi aamuna maso ndi maso, sawatchula dzina, akakumana nawo panjira amapatuka n'kugwada. Mawu amadutsa mwa apongozi aakazi. Tsono apongozi anga aakazi anamwalira nditangokhala chaka chimodzi pamudzi, ndipo njira ya mawu inatsekeka. Ambiri masiku ano mwambowu anausiya. A Thole sanausiye, koma anaupezera chipata.

Tsiku lina ndinayanika ufa pamphasa, ine ndili kuseri kutsuka mbale. Ndinangomva mawu akuchokera kukhola kwawo:

"Nkhunda imwe! Kawauzeni a NyaPhiri kuti kumwamba kwada, aanule ufa wawo."

NyaPhiri ndi ineyo, chifukwa kuno mkazi amaitanidwa ndi mfunda wa bambo ake. Ndinasowa pogwira. Kenako ndinagwada komweko ndi manja a sopo, n'kuyang'ana mbalame zimene zinali padenga.

"Nkhunda inu, kawauzeni adada kuti ndamva. Yewo chomene."

Ndinawamva akuseka mpaka kutsokomola. Kuyambira tsiku limenelo tinkayankhulana choncho. Nkhunda zimenezo zinanyamula mauthenga, inu! Mchere watha. Mwana watentha thupi. Ndiwo zadzulo tsabola anachuluka. Alendo akabwera ankayesa kuti pamudzi pathu pali misala iwiri.

Ntchito yawo ndinaiona ndi maso anga kambirimbiri, poti nyumba yanga ndi yawo zinali zoyang'anana. Nsichi zinayi ankafuna za muwanga basi, mtengo umene chiswe chimauthawa, ndipo kunsi kwake ankawaula pamoto asanakwirire. Pa nsichi iliyonse ankavekapo lata lakale lopindidwa ngati siketi, kuti njoka, likongwe kapena vumbwe akakwera akafike pamenepo n'kuterereka. Zipinda zake zinali makungwa a mombo okulungidwa ngati ming'oma ya njuchi, chipinda chimodzi banja limodzi, chifukwa ankati nkhunda sidziwa mitala. Khomo ankayeza ndi nkhonya yawo: nkhonya ikalowa mothina, ndiye kuti nkhunda ilowa koma kabawi salowa. Makomo onse ankafulatira mwera, mphepo yozizira ija ya mu Juni imene imapha maunda, ana a nkhunda, asanamere nthenga. Ndipo kholalo linkayenera kuyang'ana khomo la mwini wake, kuti mbalame zizimuona akatuluka m'mawa. Pomaliza ankazika mtengo wa mphanda zitatu chapafupi, n'kukhazikapo mphika wa madzi. Ankati chakudya nkhunda imakaba kulikonse, koma kwawo ndi kumene imamwa madzi.

Zambiri ankati anaziphunzira kwa anamzeze. Ali mnyamata woweta ng'ombe ankagona chagada pansi pa mlatho kuonerera mbalamezo zikumata zisa. Anaona kuti zimasankha pamwamba, pamdima, pouma, pokhala ndi khomo limodzi. Ankati mbalame suilamula, umangoimangira chimene ikanadzimangira yokha ikanakhala ndi manja, kenako n'kudikira.

Atakalamba kwambiri, tsiku lina tili pamzere kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi ku Jenda, dokotala wina wachinyamata wa ku Lilongwe anawazindikira. Anatulutsa foni n'kuwaonetsa anthu a kutsidya kwa nyanja amene amamanga nyumba zazikulu za simenti, zopanda mawindo, zoti muzikhala timbalame tonga anamzeze. Amaikamo zokuzira mawu zoitanira mbalamezo, kenako amathyola zisa n'kukagulitsa, akuti zimadyedwa. A Thole anaonera katatu. Anafunsa kuti khomolo layang'ana kuti. Anafunsa ngati matabwa a m'katimo ndi osalala kapena okhakhala. Atamva kuti ndi okhakhala anagwedeza mutu, amvekere, "Enya, amenewa mbalame akuidziwa." Koma za zokuzira mawuzo anazinyoza, akuti kumeneko ndi kunamiza mlendo kuti m'nyumba muli abale ake. Ndipo za kuthyola zisa anangoti, "Mbwenu wam'mangira nyumba kuti umlande bedi?" Dokotala uja anaseka mpaka anzake anatuluka kudzaona.

Anali ndi lamulo limodzi limene linawadanitsa ndi anthu ambiri, ndipo mulimvetse bwino chifukwa nkhani yanga yagona pamenepo. Sankamangira munthu wosamuka. Munthu akawaitana, sankabwera ndi nkhwangwa tsiku loyamba. Ankabwera ngati mlendo, n'kukhala pakhonde theka la tsiku akununkhiza fodya wawo. Ankamvetsera mmene bambo akuitanira mkazi wake. Ankaona ngati ana akugenda agalu. Ankayang'ana ngati pakhomopo pali mtengo wa zipatso wobzalidwa ndi mwini wake. Akaona kuti banja likugwedezeka, kapena kuti mwini nyumba maso ali kumsewu, ankatsanzika bwinobwino osabweranso. Msuweni wawo weniweni anamukana chifukwa ankamenya mkazi, ndipo awiriwo sanadyerenso m'mbale imodzi mpaka imfa.

Nkhani imene anthu amaikamba mpaka lero ndi ya wapolisi wina wa ku Boma. Anabwera pa njinga yamoto, ine ndikusenda nthochi pakhonde, ndiye ndinamva zonse.

"Madala, ndamva kuti katswiri ndinu. Ndikufuna khola la matabwa, tilipake penti ya buluu."

"Ku Mzimba kuno mwakhalako zaka zingati, bwana?"

"Ziwiri."

"Kale munali kuti?"

"Ku Ntcheu. Ndisanapite ku Ntcheu ndinali ku Mangochi."

"Mbwenu mukachoka kuno mupita kuti?"

"Kumene boma linditume. Nanga zimenezo zikukhudzana bwanji ndi khola?"

"Ndapota, bwana, gulani nkhuku. Nkhuku mumanga miyendo, mwaponya m'lole, yapita. Nkhunda sidziwa tiransifa."

Bwanayo anapsa mtima. Anati kodi madala mukudziwa kuti kusenda makungwa ndi mlandu? A Thole anati iwo amasenda mitengo imene olima fodya agwetsa kale, ngati maunyolo alipo ayambire kumeneko. Njinga yamoto inabwerera ikulira mwaukali. Tinamva kuti kalipentala wina anam'mangira khola lake la buluu lija. Sipanathe chaka, munthuyo anasamutsidwa. Nkhunda anazitengadi m'lole, koma zina zinapulumuka panjira n'kubwerera kunyumba yotseka, kopanda wozithirira madzi. A Thole atamva anapalasa njinga mpaka ku Boma ndi dengu kumbuyo, msana ukuwawa kale, n'kukazitenga. Sananene kuti ndinanena ine. Anangozipatsa chipinda.

Ndisawapange mngelo, Mulungu akundiona. Anali ouma mutu. Kutchalitchi ankafika ulaliki uli pakati, chifukwa sankachoka mbalame zisanamwe, ndipo akulu a mpingo anatopa n'kuwanena. Malemu apongozi aakazi ankadandaula kuti mawere a thobwa akuthera m'milomo ya nkhunda. Ndipo kwa mwana wawo Suzgo, amene ndi bambo a ana angawa, anali ndi lilime lolemera. Suzgo akamanga luzi, iwo ankamasula n'kumanganso osanena kanthu. Mawu ofewa amene ankapatsa mbalame, mwana wawo sanawalaweko. Ine ndimaganiza kuti china chimene chinam'thamangitsira ku Joni ndi chimenecho, ndipo ndikhulupirira kuti iwonso ankadziwa.

Tsopano ndinene chimene ndalembera.

Bambo a Temwa anapita ku Joni Wongani ali kumsana. Zaka zoyamba kunkabwera mabulangete, malata, ngakhale wailesi. Kenako kunangoti zii. Chaka chimene Temwa anali sitandade 3, mmodzi wa anthu onyamula katundu wa ku Joni anabweretsa mawu m'malo mwa katundu: Suzgo wakwatira kumeneko, ali ndi mwana, ndipo akuti NyaPhiri akhoza kubwerera kwawo.

Kwathu ku Dowa banja likatha, mwamuna ndiye amanyamula bulangete lake, ana amatsala ndi mayi. Kuno ng'ombe za malowolo zikaperekedwa, ana ndi a kuchimuna. Ndikanapita, ndikanapita ndekha.

Amene anainyamula nkhaniyi ndi ankhazi, ndiye kuti mlongo wa a Thole, azakhali a mwamuna wanga. Pamudzi wa Angoni ankhazi ndi munthu wamkulu, mawu awo sagwa pansi. Sanali munthu woipa, ine ndawakhululukira kalekale, koma ankaona kuti mkazi wopanda mwamuna pamudzi ndi chiyambi cha milandu. Anabwera pakhomo panga ndikupeta chimanga.

"Mkamwana, wamva mawu a mwamuna wako. Ifenso zatipweteka chomene. Koma ukadali mtsikana, kwanu ukapeza banja. Ana asiye kwa ine, sagona ndi njala."

"Ankhazi, Wongani amadzuka kufuna ine."

"Azolowera. Tonse tinazolowera. Loweruka abale akumana, tikutsanzike mwaulemu."

Sabata imeneyo ndinapemphera mapemphero opanda mawu. Ndinkangogwada n'kutchula maina a ana anga. Ndinkadikira kuti mwina nkhunda zibweretsa uthenga, koma a Thole anangoti chete. M'mawa ankanyamula nkhwangwa n'kulowa kuthengo, madzulo n'kubwera ndi mitengo paphewa. Zinandidabwitsa, chifukwa panali patapita zaka zitatu atanena kuti asiya kumanga, msana wakana. Ndinaganiza kuti akuthawa nkhani, ndipo ndiulule, mumtima ndinawaweruza. Lachinayi ndinalimba mtima, ndinagwada pafupi ndi khola lawo iwo akusema nsichi.

"Nkhunda inu, kawafunseni adada ngati ndinalakwa kanthu pamudzi pano."

Sompho inaima pang'ono. Kenako inapitiriza. Yankho silinabwere. Ndinakalowa m'nyumba n'kuyamba kupinda zovala zanga.

Loweruka m'mawa abale anasonkhana pansi pa mkuyu pafupi ndi khola la ng'ombe, amuna pamipando, amayi pamphasa. Ine anandikhazika pambali. Anadikira a Thole, osabwera. Kenako tinamva kugunda: di, di, di. Kunkachokera pakhomo panga.

Ankhazi ananyamuka, tonse tinatsatira. Tinapeza a Thole atavula jekete, atagwada, akukumba dzenje lachitatu ndi chitsulo. Nsichi zinayi za muwanga zili gone pambali, zowaula kale. Maenjewo anayang'ana khomo langa.

"Adumbu," anatero ankhazi, ndiko kuitana kwa mlongo kuno, "anthu akudikira inu. Mukuchita chiyani?"

"Ndikumanga khola."

"La yani?"

"La mwini nyumba iyi."

"Mwini nyumba ali ku Joni."

"Wa ku Joni sindingam'mangire. Ndi wosamuka."

Ankhazi anayang'ana maenje, anayang'ana ine.

"Inu simumangira munthu wochoka."

"Mbwenu mwayankha nokha, adumbu." Anatero osatukula mutu, n'kutulutsa dothi ndi dzanja lija lopanda chikhadabo.

Wina angaganize kuti zinathera pomwepo. Ayi. Ankhazi sanali munthu wogwa ndi nkhonya imodzi. Anati chabwino, poti mwasankha kuti mlandu wa anthu uweruzidwe ndi mbalame, mbalamezo ziweruze. Inu nomwe mumati nkhunda sikhala pakhomo pa banja losweka. Zikakhala, mkamwana akhala. Zikathawa, mudzamuperekeze nokha kukakwera basi ku Jenda. Abale anavomereza, ena akuseka. A Thole anati yewo.

Ngakhale ine ndinkadziwa vuto lake. Khola lawo lalikulu linali pafupi, munthu kuitana amamva. Nkhunda yotengedwa pamenepo, tsiku loitsegulira imangouluka kubwerera kwa anzake. Yochokera kutali nayo imakopeka ndi gulu. Ankhazi anakulira pakhomo la nkhunda, ankadziwa chimene akuchita.

A Thole anamanga masiku asanu ndi limodzi, okha. Amuna a pamudzi ankaopa ankhazi, sanagwireko ngakhale luzi. Ndinkawaona akukwera pamakwerero, akafika pakati n'kuima, dzanja kumsana, maso otsinzina. Madzi akumwa ndinkawaikira patsinde la nsichi n'kuchokapo. Atafolera denga anapalasa njinga kupita mbali ya ku Jenda, kwa munthu wina amene anam'mangira khola kalekale, n'kubwera ndi nkhunda ziwiri, yaimuna yotuwa ndi yaikazi yoyera ya mawanga pakhosi. Anazilowetsa m'chipinda chapakati n'kutseka khomo ndi kachitseko ka bango, koti mpweya ndi kuwala zizilowa. Chakudya ndi madzi anati ndizipereka ine, ndi dzanja langa, m'mawa uliwonse, ndikuimba mluzu umodzimodzi.

Panali chinthu chimodzi chimene chinkandivuta. Anthu ankanong'ona kuti a Thole amathira mizu m'madzi a nkhunda kuti zisathawe. Ine ndine wa pemphero, sindinkafuna kusunga ana anga ndi mankhwala. Ndinagwada pafupi ndi khola.

"Nkhunda inu, kawauzeni adada kuti ndapota, m'madzimo musalowe mizu. Ngati ndikhala, ndikhale ndi dzanja la Mulungu."

Nthawi imeneyi yankho linabwera. "Kawauzeni a NyaPhiri kuti mankhwala anga ndi awa." Anatambasula dzanja chakumbali kuti ndione: dothi la pachulu losakaniza ndi mchere pang'ono, loumba ngati kamkate. "Nkhunda imakonda kujompha zimenezi. Zaka zonsezi anthu akundiyesa sing'anga chifukwa cha mchere wa m'sitolo."

Anthu ambiri amatsegulira nkhunda zatsopano pakatha sabata ziwiri. Sabata ziwiri zitakwana ankhazi anafika.

"Tsegulani, adumbu."

"Yayi, sizinakonzeke."

Yaikazi itaikira mazira awiri ankhazi anabweranso. "Zaikira. Tsegulani."

"Dzira ndi mwala. Mbalame ikhoza kusiya mwala."

"Mukuchedwetsa dala kuti mvula igwe, mkamwana abzale, tichite manyazi kum'chotsa."

"Munati mbalame ziweruze. Simunanene tsiku."

Mazira anaswa. Timaunda tiwiri, tosaona, ta ubweya wachikasu, tonyansa ngati mbewa zongobadwa. A Thole anadikiranso masiku anayi. Kenako anatuma mawu kwa ankhazi kuti mawa m'mawa abwere ndi mboni zawo.

Kunabwera anthu ambiri kuposa a tsiku la mlandu. Ine ndinaima pakhomo, Wongani atandigwira chitenje, Temwa atakana kupita kusukulu. A Thole anakwera n'kuchotsa kachitseko kaja. Yaimuna inasuzumira, inatuluka pakakhonde, n'kuuluka. Yaikazi inatsatira. Zinazungulira mudzi kawiri, mapiko akuomba. Pomwepo gulu la kukhola lalikulu linadzuka, ziwiri zija n'kulowa pakati pake, ndipo zonse zinakatera padenga la khola la a Thole.

Ankhazi anaomba m'manja kamodzi. "Mwaona nonse."

Temwa anayamba kulira. A Thole anatsika pamakwerero, anakhala pa chitsa, anatulutsa kabotolo kawo, n'kununkhiza fodya mosafulumira.

"Dzuwa silinalowe, adumbu. Khalani pansi."

Sindidziwa kuti tinadikira nthawi yaitali bwanji. Mthunzi wa khola unasuntha kuchoka pa mphika wa madzi kufika pa nsichi. Ena anatopa n'kupita kumadimba. Kenako m'chipinda muja munayamba kumveka kulira, kochepa ngati kwa anapiye akutali: tswi, tswi, tswi. A Thole anati, osandiyang'ana, "Kawauzeni a NyaPhiri aimbe mluzu wawo." Milomo inali itauma, mluzu unatuluka wosweka. Ndinaimbanso.

Yoyera ija inatukula mutu. Inayenda m'mphepete mwa denga, kupita uku, kubwerera. Kenako inadzuka yokha, kusiya gulu lonse, n'kudzatera pa mphika wa madzi pakhomo panga. Inamwa. Inauluka kukatera pakakhonde, n'kulowa. Kulira kuja kunasanduka phokoso la ana amene akudyetsedwa. Posakhalitsa yotuwa ija inafika nayonso.

A Thole anatseka kabotolo kawo. Anayankhula kwa mlongo wawo mofatsa, mopanda chipongwe.

"Nkhunda ya maunda, ngakhale muitengere ku Jenda m'dengu, imabwerera. Inenso ndi inu tinaleredwa ndi mayi, adumbu."

Ankhazi anadzuka, anakung'untha chitenje, n'kundiyang'ana. "Mphika uwo usaume," anatero, n'kumapita. Kupepesa kwawo kunali komweko. Koma patapita zaka, atadwala mpaka kukana chakudya, msuzi umene unawadzutsa unali wa maunda a m'khola langa, ndipo pa maliro a a Thole ndi iwo amene anandigwira dzanja kundikhazika pafupi ndi bokosi, pamalo pa ana a m'nyumba.

Khola limenelo linali lomaliza. Msana sunawalolenso kukwera. Kuchokera m'nkhunda ziwiri zija zipinda zonse zinadzaza, zitosi zake zinakometsa dimba langa la tomato ndi mpiru, ndipo ana anga akulira pamudzi wa makolo awo ndi mayi wawo. Temwa akuphunzira za unamwino. Wongani ndiye amakonza denga la kholalo, ndipo luzi lake palibe amalimasula. Bambo awo anabwera kumaliro, anaima nthawi yaitali pansi pa khola lija, n'kubwerera ku Joni. Ndimam'pempherera.

Pa zaka zonsezo a Thole anandiyankhula maso ndi maso kamodzi kokha. Anagonekedwa m'chipatala cha ku Boma, ine ndikuwadikirira, poti panalibenso wina. Ndinkawamwetsa phala nditayang'ana kumbali, monga mwa mwambo. Masana ena anayang'ana pawindo nthawi yaitali, ngati akufuna kanthu padenga la wodi ina. Panalibe mbalame.

"Kuno kulibe otuma," anatero. "Mbwenu ndinena ndekha. NyaPhiri, ndiyang'ane."

Ndinawayang'ana. Zaka zonsezo sindinkadziwa kuti diso lawo lakumanja linali ndi kadontho koyera.

"Tsiku lija unafunsa ngati unalakwa. Sindinayankhe, chifukwa mawu okha ankhazi akanawagonjetsa ndi mawu anzake. Sunalakwe, mwana wane. Yewo chomene." Anapuma. "Khola langa musalikonze. Mphika wanga musathiremo madzi. Nkhunda zidzasamukira kwako zokha."

Anamwalira patapita masiku awiri, dzuwa likutuluka.

Tinachita monga ananena, ngakhale zinali zowawa. Mphika wawo unauma sabata yomweyo. Nkhunda zinkatera pamphanda paja, kusuzumira mumphika, n'kuulukira kwanga. Poyamba zinkabwera kudzamwa kokha. Kenako banja limodzi linagona, kenako lina, mpaka Wongani anawonjezera zipinda.

Khola lawo likadalipo, ndikuliona pamene ndakhala pano. Mvula ya chaka chino inagwetsa denga mbali imodzi, makungwa akufumbwa, ndipo m'chipinda china mwalowa mavu. Malata aja a pa nsichi achita dzimbiri, mphepo ikaomba amalira. Nsichi zokha ndiye zili chilili, muwanga suola msanga. Pansi pamene zitosi zinkagwera pamera bonongwe wamtali kufika m'chiuno, ndipo palibe amam'thyola. Chitsa chimene ankakhalapo chikadali chosalala pamwamba. Mumphika muli masamba ouma ndi nthenga imodzi.

Dzulo kumwamba kunada ndili ndi ufa pamphasa. Ndinapitiriza kutsuka mbale kuseri, khutu lili kukhola kuja, kudikira. Madontho oyamba anagwa pa ufa ndisanadzuke.